Linux ikamangoima pa initramfs: pezani chavuta musanathamangire kufomata

Mwayatsa kompyuta, chizindikiro cha Ubuntu kapena Linux Mint chaoneka pang'ono, kenako sikirini yada bii. Pamwamba palembedwa BusyBox, m'munsi muli mawu akuti `(initramfs)` ndi kamzere kophethira. Ambiri akafika apa amazimitsa n'kuyatsanso, zikakanika amatenga fulashi n'kufomata zonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri mafayilo amakhala ali bwinobwino pa disiki. Sikirini yakudayo imabwera ndi matenda osiyanasiyana, ndipo mankhwala a nthenda ina akhoza kupha wodwala nthenda inzake. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa kaye malo amene mwaimawo.

Kompyuta ikayaka, GRUB, pulogalamu yoyatsa Linux, amakweza zinthu ziwiri mu RAM: kernel, imene ndi mtima wa Linux, ndi kafayilo kena kamene pa Debian ndi Ubuntu kamatchedwa `initrd.img` kutsatana ndi nambala ya kernel, pomwe pa Fedora ndi Red Hat kamatchedwa `initramfs` ndi nambala yomweyo. Si disiki zonse zimene kernel payokha imadziwa kuwerenga. Madalaivala ambiri, a NVMe, a USB, a RAID, a disiki yokhomedwa ndi pasiwedi, amakhala m'mafayilo apadera mu `/lib/modules`, ndipo foda imeneyi ili pa disiki yomweyo imene kernel ikufuna kutsegula. Kafayilo kaja ndi kamba wa paulendo: amalongedzeratu madalaivala ochepa, timapulogalamu tingapo ndi makope a mafayilo ena a mu `/etc`, zongokwanira kuti kernel ikafike pa disiki yeniyeni. Ikafika, zonse za mu RAM zija zimatayidwa, ndipo systemd, pulogalamu ya pa disiki yoyambitsa zina zonse, amatenga ulamuliro.

Njirayi ndi yakale. Werner Almesberger ndi Hans Lermen analemba za initrd mu 1996, nthawi imene kafayiloka kanali chithunzi cha disiki yaing'ono yoikidwa mu RAM. Kuyambira pa kernel 2.6 panabwera initramfs, imene ndi mtolo wa cpio womasulidwira mu RAM mwachindunji, ndipo kernel imathamangitsa fayilo ya `/init` yopezeka mkatimo. Debian sanasinthe dzina la fayilo, n'chifukwa chake mumaona `initrd.img` ngakhale zamkati ndi za mtundu watsopano.

Mfundo imene imamasula mavuto ambiri ndi iyi: zamkati mwa kafayiloka zinalongedzedwa tsiku limene kanapangidwa, malinga ndi mmene kompyuta inalili tsikulo. Mukasintha disiki, mukasintha za mu BIOS, mukakonza `/etc/crypttab` kapena `/etc/mdadm/mdadm.conf`, kafayilo kaja sikadziwa kanthu mpaka mutakapanganso.

Choyamba lembani exit

Chithunzi chokongola chimene Ubuntu imaonetsa poyaka chimabisa uthenga wofunika. Pa `(initramfs)` lembani `exit` n'kudina Enter. Kompyuta iyesa kupitiriza, ilephera, koma tsopano ikuuzani chifukwa chake. Jambulani sikiriniyo ndi foni. Ngati uthenga sukuoneka, yatsaninso, gwirani Shift kapena dinani Esc kuti mndandanda wa GRUB utuluke, dinani `e`, fufutani mawu akuti `quiet splash` pa mzere woyamba ndi `linux`, kenako Ctrl ndi X.

Onetsetsaninso kuti mulidi mu initramfs. Pakalembedwa `grub rescue>` ndiye kuti simunafike n'komwe pa kernel, vuto ndi la GRUB. Pakalembedwa "You are in emergency mode" pa Debian kapena Ubuntu, ndiye kuti disiki yaikulu inatseguka kale, ndipo kawirikawiri cholakwika ndi mzere wa mu `/etc/fstab` wotchula disiki imene inachotsedwa. Mzere wotero umafuna kuufufuta kapena kuuwonjezera mawu akuti `nofail`, basi.

Uthenga wa "requires a manual fsck"

Uwu ndiye wofala kwambiri kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuzima pakati pa ntchito. Mumaona mzere wakuti "UNEXPECTED INCONSISTENCY; RUN fsck MANUALLY", ndipo pansi pake "The root filesystem on /dev/sda2 requires a manual fsck". fsck ndi pulogalamu yofufuza ndi kukonza zolakwika pa chigawo cha disiki. Dzina la chigawocho limasiyana: pa kompyuta zatsopano limakhala ngati `/dev/nvme0n1p2`, pa Ubuntu Server yoikidwa ndi LVM, njira yogawa disiki m'magawo osinthika, limakhala `/dev/mapper/ubuntu--vg-ubuntu--lv`. Koperani dzinalo ndendende, kuphatikizapo timizere tiwiritiwiri tija, chifukwa kamodzi kakasowa lamulo likana.

`fsck -y /dev/sda2`

Mizere yambiri idutsa, kenako muona "FILE SYSTEM WAS MODIFIED". Lembani `reboot`, kapena `reboot -f` ikakana. Pano ndi malo abwino ochitira fsck chifukwa chigawocho sichinalumikizidwe. Kuchita fsck pa chigawo chimene chikugwiritsidwa ntchito kumaononga zinthu, ndipo pulogalamuyo imakuchenjezani yokha. Zidutswa za mafayilo zimene fsck yalephera kudziwa kwawo imaziika mu foda ya `/lost+found`, zili ndi manambala m'malo mwa mayina. Fayilo ikasowa pambuyo pake, kasuzumireni kumeneko.

fsck ikadandaula kuti superblock, malo osunga mfundo zazikulu za chigawocho, yaonongeka, dziwani kuti ext4, kasanjidwe ka mafayilo ka pa Ubuntu ndi Mint, imasunga makope ake m'malo ena a disiki. Pa magawo ambiri kope loyamba lili pa 32768, choncho `fsck.ext4 -b 32768 /dev/sda2` imathandiza.

Koma apa m'pamene ndimasiyana ndi malangizo ambiri a pa intaneti, amene amathera pa `fsck -y` ngati nkhani yatha. ext4 ili ndi kaundula wake wa zimene inali kulemba, ndipo magetsi akazima kamodzi imadzikonza yokha poyaka popanda kukufunsani. Ikafika pokupemphani kuti muchite fsck pamanja, ndiye kuti yapeza chinthu chimene kaundulayo sangachifotokoze. Zikachitika kamodzi, chabwino. Zikamabwerera sabata ndi sabata, pali chimene chikuononga, ndipo `-y` ndi kuvomera kuti fsck idule chilichonse chimene yachikayikira osakufunsani. Pa disiki imene ikufa, ulendo uliwonse mumataya mafayilo ena.

Ndiye musanachite fsck kachiwiri, lembani `dmesg | grep -i error` pomwepo pa initramfs. Mukaona mizere ya "I/O error" kapena "UNC" yotchula disiki yanu, imani. Yatsani kompyuta ndi fulashi ya Linux, ikani phukusi la smartmontools, lembani `sudo smartctl -a /dev/sda`. Yang'anani mizere iwiri, `Reallocated_Sector_Ct` ndi `Current_Pending_Sector`. Nambala ya kumapeto kwa mzere ikaposa 0, makamaka ikamakwera tsiku ndi tsiku, disikiyo ili paulendo. Musakhulupirire mawu akuti PASSED a pamwamba, disiki zambiri zimafa zikunenabe kuti PASSED. Koperani kaye mafayilo anu ku disiki ina. Ngati kukopera wamba kukukakamira, GNU ddrescue imakopera disiki yonse, kudumpha malo oipa n'kudzawabwerera pambuyo, ndipo fsck mukaichitire pa kopelo.

Disiki ikakhala yabwino koma vuto likubwererabe, okayikiridwa otsala ndi awa: RAM yodwala, imene Memtest86+ imaigwira mukaisiya ikuyenda usiku wonse, chingwe cha SATA chogwedera pa kompyuta za pa desiki, laputopu ya batire lakufa imene imazima chaja ikangosuntha, ndi chizolowezi chozimitsa pogwira batani mpaka ife. Pa ofesi kapena pa kafe ya intaneti, UPS yaing'ono yopatsa anthu mphindi zochepa kuti azimitse bwino imatha nkhaniyi kuposa lamulo lililonse.

Zonsezi ndi za ext4. Red Hat Enterprise Linux kuyambira pa 7 imagwiritsa ntchito XFS, ndipo kumeneko `fsck` sichita kalikonse, chida chake ndi `xfs_repair`. Ikakuuzani kuti kaundula ali ndi zinthu zosamaliza, yesani kaye `mount` kenako `umount` kuti azimalize. `xfs_repair -L` imafufuta kaundulayo ndi zonse zinali momwemo, ndi njira ya pamene zina zonse zakanika. Fedora kuyambira pa 33 imaika Btrfs pa kompyuta za anthu wamba, ndipo olemba Btrfs eniake amachenjeza kuti `btrfs check --repair` si yothamangira.

Uthenga wa "UUID does not exist"

Apa kompyuta imadikira kaye, kenako imalemba "Gave up waiting for root file system device", ndipo m'munsi "ALERT! UUID=... does not exist. Dropping to a shell!". UUID ndi nambala yaitali yozindikiritsa chigawo chilichonse cha disiki. fsck ilibe ntchito pano. Palibe choonongeka, initramfs yangolephera kupeza chigawo chimene inauzidwa kuti ichipeze. Malamulo atatu akuuzani mbali yoyang'ana:

`cat /proc/cmdline`

`cat /proc/partitions`

`blkid`

Loyamba likuonetsa UUID imene GRUB anapereka pa `root=`. Lachiwiri likuonetsa disiki zimene kernel ikuziona. Lachitatu likuonetsa UUID ya chigawo chilichonse.

Tiyambe ndi pamene `/proc/partitions` ilibe kanthu, kapena ikuonetsa fulashi yokha. Lowani mu BIOS muone ngati disiki ikuoneka kumeneko. Ngati kulibe, ndi nkhani ya chingwe, malo olowekamo kapena disiki yakufa. Ngati ilipo, pezani pamene palembedwa SATA Operation kapena SATA Mode. Laputopu zambiri za Dell zimachoka ku fakitale zili pa "RAID On", ndipo zina za makampani ena zili pa Intel RST. Pa makina ena zimenezi zimabisa disiki ya NVMe, ndipo `dmesg` imanena mosabisa kuti "Switch your BIOS from RAID to AHCI mode to use them". Amene anaika Linux anasintha n'kuika AHCI, zonse zinayenda. Kenako kabatire kozungulira ka pa bolodi, kamene pa makina ambiri ndi CR2032, kanatha mphamvu, kapena BIOS inalandira apudeti, ndipo zonse zinabwerera mmene zinachokera ku fakitale. Pa laputopu zogula zitagwirapo kale ntchito, zimene ndi zambiri m'misika yathu, ichi chimachitika kawirikawiri, ndipo chizindikiro chake n'choonekeratu: wotchi ya mu BIOS ikunena chaka chakale. Mubweza AHCI lero, mawa batire lalikulu likatheratu vuto labwerera. Sinthani kabatireko.

Chenjezo kwa amene ali ndi Windows pa kompyuta yomweyo: Windows imene inaikidwa pa RAID ikapeza AHCI imagwa ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, pokhapokha mutaiyatsa kamodzi mu Safe Mode mutangosintha.

BIOS ikakhala bwino koma disiki sikuonekabe, ndiye kuti dalaivala wake sanalongedzedwe. Izi zimagwera anthu amene achotsa disiki mu kompyuta ina n'kuiika mu ina, ndi amene asamutsa seva kuchoka pa VMware kupita pa KVM kapena Proxmox. Yesani kumukweza pamanja: `modprobe ahci`, `modprobe nvme`, `modprobe vmd` pa makina atsopano a Intel, `modprobe virtio_blk` kapena `modprobe virtio_scsi` pa KVM, `modprobe hv_storvsc` pa Hyper-V. Mukatero onaninso `/proc/partitions`. Disiki ikatulukira, lembani `exit`, kompyuta ipitiriza kuyaka. Mukalowa, onjezani dzina la dalaivalayo mu `/etc/initramfs-tools/modules` n'kupanganso initramfs. Ikayankha kuti "not found", dalaivalayo mulibe m'kafayilomo, ndipo mufunika fulashi monga ndifotokozere kutsogoloku.

Pamene magawo akuoneka koma UUID ya mu `blkid` ikusiyana ndi ya mu `/proc/cmdline`, wina anafomata kapena kukopera chigawo. Yatsaninso, dinani `e` pa GRUB, sinthani `root=UUID=...` kukhala `root=/dev/sda2` kapena dzina loyenera, Ctrl ndi X. Mukalowa konzani `/etc/fstab`, kenako `sudo update-grub` ndi `sudo update-initramfs -u`. Palinso vuto lotembenuka: mwakopera disiki yakale ku SSD ndi dd kapena Clonezilla, n'kusiya zonse ziwiri zili zolumikizidwa. Tsopano magawo awiri ali ndi UUID imodzi, ndipo kompyuta imatola limene layamba kuyankha. Tsiku lina mumapeza mafayilo anu atsopano, tsiku lina a mwezi watha. Chotsani disiki yakaleyo.

Ngati dzina losowalo likuyamba ndi `/dev/mapper/`, nkhani ndi ya LVM kapena disiki yokhomedwa. Pa LVM lembani `lvm vgscan`, kenako `lvm vgchange -ay`, kenako `exit`. Mawu akuti `lvm` kutsogolo ndi ofunika chifukwa mu initramfs pulogalamu ya LVM ndi imodzi yokhayo. Pa RAID ya mdadm, `mdadm --assemble --scan`. Pa LUKS, njira yokhomera disiki ndi pasiwedi, `cryptsetup open /dev/nvme0n1p3 dzina`, lowetsani pasiwedi, ndipo ngati mkati muli LVM muidzutse monga pamwambapa. Ikanena kuti `cryptsetup` kulibe, ndiye kuti phukusi la `cryptsetup-initramfs` linachotsedwa kapena silinaikidwe. Pa Debian ndi Ubuntu ndi phukusi lapalokha, ndipo ndi bwino kuwerenga mndandanda wa `apt autoremove` musanavomere, kuti lisapite limodzi ndi zinyalala.

Chomaliza pa gululi n'chosavuta: disiki ya pa USB kapena RAID yochedwa kudzuka. Mukalemba `exit` patapita mphindi imodzi kompyuta n'kungoyaka bwinobwino, ndiye kuti inangofulumira kutaya mtima. Onjezani `rootdelay=60` pa mzere wa `GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT` mu `/etc/default/grub`, kenako `sudo update-grub`.

Kernel panic mutangochita apudeti

"Kernel panic - not syncing: VFS: Unable to mount root fs on unknown-block(0,0)". Apa palibe polemba kanthu, ndipo pa makina ena kagetsi ka Caps Lock kamaphethira. Tanthauzo lake nthawi zambiri ndi lakuti kernel inakwezedwa yopanda initramfs, kapena ndi yosakwanira. Pitani pa GRUB, sankhani Advanced options, tengani kernel yakale. Ikayaka, lembani `df -h /boot` ndi `ls -lh /boot`. Mudzaona `vmlinuz` yatsopano ilipo koma `initrd.img` ya nambala yomweyo kulibe, kapena ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi inzake.

Zoyambitsa zake ndi ziwiri: magetsi anazima apudeti ili mkati, kapena `/boot` yadzaza. Pa kompyuta za LUKS ndi LVM, `/boot` imakhala chigawo chakechake chaching'ono, pomwe initramfs imodzi ya masiku ano, makamaka ya makina a NVIDIA, imatha kudutsa ma MB 100. Kernel zingapo zikaunjikana malo amatha, apt imalemba "No space left on device" pakati pa mizere yambirimbiri, ndipo munthu sauona uthengawo. Konzani motere: `sudo apt autoremove --purge` kuchotsa kernel zakale, `sudo dpkg --configure -a` kumaliza zimene zinatsala panjira, kenako `sudo update-initramfs -c -k` kutsatana ndi nambala ya kernel yatsopano monga ilili mu `/lib/modules`, ndi `sudo update-grub`. apt ikakana kuchotsa chifukwa malo kulibiretu, samutsani pamanja `initrd.img` imodzi yakale kupita ku foda ina. Onani kaye `uname -r` kuti musakhudze ya kernel imene mwayatsirayo.

Ena amalangiza kusintha `MODULES=most` kukhala `MODULES=dep` mu `/etc/initramfs-tools/initramfs.conf`. Kafayilo kamachepadi kwambiri, chifukwa kamangotenga madalaivala a makina amene alipo lero. Pa seva yosasuntha palibe vuto. Pa laputopu ine sindingatero, chifukwa tsiku limene bolodi idzapse n'kufuna kuika disikiyo mu makina ena kuti mupulumutse ntchito, ndi tsiku lomwelo limene idzakane kuyaka.

Kupanganso initramfs kuchokera pa fulashi

Kernel zonse zikakana, yatsani ndi fulashi ya Linux, makamaka ya mtundu womwewo, tsegulani Terminal, ndipo `lsblk -f` ikuonetsani magawo. Tinene kuti chachikulu ndi `/dev/sda3`, `/boot` ndi `/dev/sda2`, ndipo cha EFI ndi `/dev/sda1`:

`sudo mount /dev/sda3 /mnt`

`sudo mount /dev/sda2 /mnt/boot`

`sudo mount /dev/sda1 /mnt/boot/efi`

`for i in dev dev/pts proc sys run; do sudo mount --bind /$i /mnt/$i; done`

`sudo chroot /mnt`

`update-initramfs -u -k all`

`update-grub`

Ngati `/boot` si chigawo chapadera, mzere wachiwiri mulumphe. `/mnt/etc/fstab` ikuuzani zoona zake. Koma ngati ndi chapadera n'kuiwala kuchilumikiza, lamulo lidzayenda popanda kudandaula, kafayilo katsopano kadzalembedwa mu foda imene GRUB sayang'anamo, ndipo mudzayatsa n'kupeza vuto lomwe lija. Msampha wachiwiri ndi wa `uname -r`: mkati mwa chroot, pamene mwalowa mu Linux ya pa disiki kudzera pa fulashi, imatchula kernel ya pa fulashi, osati ya pa disiki. Malangizo alionse oika `uname -r` m'lamulo sagwira pano, nambala muitenge mu `ls /lib/modules`. Dziwaninso kuti `-u` imangokonzanso kafayilo kamene kalipo kale. Kamene kanasoweratu kamafuna `-c -k` ndi nambala yake.

Msampha wachitatu ndi wa LUKS, ndipo umagwira ngakhale odziwa. Mukatsegula disiki yokhomedwa podina mu pulogalamu yoonera mafayilo, imapatsidwa dzina lalitali loyamba ndi `luks-`. Popanga initramfs, Debian ndi Ubuntu amayerekeza dzina limeneli ndi la mu `/etc/crypttab`. Akapanda kufanana, pamatuluka kamzere ka "cryptsetup: WARNING: target ... not found in /etc/crypttab", ndipo kafayilo kotulukako sikadziwa kufunsa pasiwedi. Choncho tsegulani koyamba, werengani liwu loyamba la mu `crypttab`, kaya ndi `dm_crypt-0` kaya `sda3_crypt`, tsekani, n'kutsegulanso ndi `cryptsetup open` pogwiritsa ntchito dzina lenilenilo. Chenjezo lililonse lotchula cryptsetup pa nthawiyi muliwerenge musanayatsenso.

Pa Btrfs, ngati dongosolo lonse lili m'kachigawo ka mkati kotchedwa `@` monga pa Mint, mzere woyamba ukhale `sudo mount -o subvol=@ /dev/sda3 /mnt`.

Fedora, Red Hat ndi Arch

Fedora, Red Hat, Rocky Linux, AlmaLinux ndi openSUSE amapanga initramfs ndi dracut, imene inayamba kuoneka mu Fedora 12 mu 2009, ndipo Ubuntu nayo yayamba kusamukira komweko. Kumeneko mumaona mizere yobwerezabwereza ya "dracut-initqueue timeout", kenako `dracut:/#`. Ubwino wake ndi wakuti imalemba lipoti lonse mu `/run/initramfs/rdsosreport.txt`, ndipo `journalctl` imagwira. Fedora ndi Red Hat mwachizolowezi amalongedza madalaivala a makina omwewo okha, n'chifukwa chake seva zawo n'zimene zimakana kwambiri zikasamutsidwa. Pa mndandanda wa GRUB pamakhala mzere wa rescue wokhala ndi madalaivala ochuluka. Yatsirani umenewo, kenako `dracut -f --regenerate-all`. `dracut -f` yokha imapangira kernel imene ikuyenda panthawiyo, imene mu chroot ndi ya pa fulashi. Musanasamutse seva, ikani fayilo mu `/etc/dracut.conf.d/` yokhala ndi `add_drivers+=" virtio_blk virtio_scsi "`, ndipo mipata ya mkati mwa timakoti tija isasowe.

Arch ndi Manjaro ali ndi mkinitcpio. Lamulo ndi `mkinitcpio -P`, ndipo zonse zili pa mzere wa `HOOKS` mu `/etc/mkinitcpio.conf`, pamene ndondomeko ya mawu ndi nkhani yaikulu: `block` atsogole, `encrypt` abwere `lvm2` asanabwere ngati LVM ili mkati mwa LUKS, `filesystems` pambuyo pake. Ngati pa mndandanda pali fallback, iyeseni musanatenge fulashi.

Zing'onozing'ono zotopetsa

Kompyuta imayaka koma imayamba yaima pafupifupi theka la mphindi, nthawi zina ndi uthenga wa "Gave up waiting for suspend/resume device". Munafufuta kapena kufomata chigawo cha swap, malo a pa disiki othandizira RAM, mwina poika Linux ina pambali, koma initramfs ikudikirabe UUID yakale. Tsegulani `/etc/initramfs-tools/conf.d/resume`, ikani UUID yatsopano kapena `RESUME=none`, kenako `sudo update-initramfs -u -k all`. Mzere wa swap mu `/etc/fstab` muukonzenso, apo ayi systemd idzadikira payokha mphindi ndi theka.

Kiyibodi ikapanda kugwira pa `(initramfs)` kapena pofunsidwa pasiwedi, yesani ya chingwe m'malo mwa ya Bluetooth, yolumikizidwa pa kompyuta penipeni. Ikagwira choncho, vuto latha. Ikakanabe, madalaivala `usbhid`, `hid_generic` ndi `xhci_pci` ndi amene akusowa. Pasiwedi yolondola ikamakanidwa, kumbukirani kuti pa nthawiyi kiyibodi ikhoza kukhala pa kalembedwe ka ku America. Pa laputopu zochokera ku Britain, `@` ndi `"` zimasinthana malo, ndipo `#` imasamukira pa Shift ndi 3.

Mukapanganso kafayilo, musangokhulupirira. `lsinitramfs /boot/initrd.img-` ndi nambala yake, kutsatana ndi `| grep nvme` kapena `| grep cryptsetup`, ikuonetsani ngati chimene mumafunacho chalowadi. Pa dracut ndi `lsinitrd`, pa Arch ndi `lsinitcpio`. Malangizo akale amati mutsegule ndi `zcat` ndi `cpio`, koma masiku ano zimenezo zimakana kapena zimangotulutsa kafoda kamodzi, chifukwa kutsogolo kwa kafayiloko kumamatidwa mtolo wina wosapanikizidwa wa microcode ya Intel kapena AMD, ndipo mbali yotsalayo imapanikizidwa ndi zstd, imene kernel inayamba kuilandira pa 5.9 mu 2020. `unmkinitramfs` imamasula zigawo zonse mu foda imene mwaipatsa, ndipo mukhoza kuwerenga `conf/conf.d/resume` kapena `cryptroot/crypttab` kuti muone UUID imene kompyuta idzaifune poyaka.

Vuto likakhala losamvetseka, mukhoza kuimitsa ulendo dala. Pa Debian ndi Ubuntu onjezani `break=premount` kapena `break=mount` pa mzere wa `linux` mu GRUB, pa dracut `rd.break=pre-mount`. Mudzapatsidwa polemba disiki isanalumikizidwe, ndipo mukhoza kuyesa `mount` pamanja n'kuona uthenga weniweni umene ukutuluka. Mawu akuti `debug` pa mzere womwewo amachititsa initramfs-tools kulemba sitepe iliyonse mu `/run/initramfs/initramfs.debug`, fayilo imene imatsala kompyuta ikayaka, ndipo ndi imene muyenera kutumiza limodzi ndi chithunzi cha pa foni chija mukamapempha thandizo kwa ena.